Zaka 10 zimene ndinayenda kuti ndifike pa ntchito ya uphungu wa maganizo

Ndinabadwira ku Makhanga m'boma la Nsanje, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo kufikira m'chaka cha 2015 sindinkadziwa kuti pali ntchito ya uphungu wa maganizo imene munthu angaiphunzire kusukulu n'kumadyera. Kwathu munthu amene mutu wake sunkayenda bwino ankangotchedwa wamisala, ndipo abale ake ankapita naye kwa sing'anga kapena kumapemphero. Zikakanika konseko m'pamene ankatchula za ku Zomba, ndipo ankatchula motsitsa mawu ngati akunena za kumanda. Lero ndikugwira ntchito imeneyi m'boma la Chikwawa, koma ulendo umene ukanatha m'zaka 4 kapena 5 unanditengera zaka 10, ndipo zambiri mwa zaka zimenezo ndinazitaya chifukwa chosadziwa zinthu zimene munthu wina akanatha kundiuza m'tsiku limodzi. Achinyamata a kuno ku Chigwa cha Shire amandifunsa kawirikawiri kuti angayambire pati, choncho ndaganiza zolongosola zonse monga mmene zinayendera.

M'mwezi wa Januwale 2015 mvula inagwa masiku angapo osalekeza, ndipo usiku wina mtsinje wa Ruo unasiya njira yake yakale n'kulowa m'midzi. Ine ndi amayi tinathawira pachulu chachikulu pamodzi ndi anthu ena oposa 20. Mlongo wanga wamng'ono, amene anali ndi zaka 14, anabwerera kunyumba kuti akatsegulire mbuzi m'khola, ndipo sitinamuonenso. Thupi lake silinapezeke, motero sitinalire maliro monga mwa mwambo. Patapita masiku awiri bwato linatiolotsa kupita ku Bangula, kumene tinakakhala pamsasa wa anthu othawa madzi. Boma linali litalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi, ndipo mabungwe ambiri anafika ndi matenti, ufa, nyemba ndi zidebe.

Bungwe lina linkafuna achinyamata odzipereka amene analemba mayeso a Fomu 4, odziwa Chisena, Chichewa ndi Chingerezi pang'ono. Ndinasankhidwa, ndipo anatiphunzitsa kwa masiku 5 za chithandizo choyamba cha maganizo kwa anthu amene angogweredwa tsoka. Mfundo zake n'zitatu: kuyang'ana amene ali pachiopsezo kapena asweka mtima kwambiri, kumvetsera popanda kumukakamiza munthu kufotokoza, ndi kumulumikiza ndi thandizo limene akusowa, kaya ndi chakudya, chipatala kapena abale ake otayika. Maphunzirowo anali abwino, ndipo aphunzitsi ananena momveka kuti sakutisandutsa aphungu. Mawu amenewo sanalowe m'makutu mwanga. Ndinali nditavala malaya a bungwe, kope lili m'manja, ndipo azimayi a msinkhu wa amayi anga ankandiyalira mkeka n'kumanditcha alangizi. Kwa mtsikana wa zaka 23 amene anali atangotaya mlongo wake, ulemu umenewo unali ngati mankhwala, chifukwa ndikamathamanga ndi mavuto a ena sindinkapeza mpata woganizira anga.

Dzina lakuti alangizi ndi limene linandisocheretsa. Pachikhalidwe chathu wolangiza ndiye amayankhula: namkungwi amayankhula namwali atazyolika, nkhoswe imamva mbali zonse ziwiri kenako n'kugamula, mkulu wa mpingo amatsegula Baibulo n'kumuuza munthu chochita. Anthu amenewa ali ndi malo awo ndipo ndimawalemekeza, koma ine ndinatenga chitsanzo chawo n'kuganiza kuti uphungu ndi womwewo. Ndinali ndi pakamwa pokoma. Mayi akandiuza kuti sakugona chifukwa akumvabe mkokomo wa madzi m'makutu, ndinkamuuza kuti alimbe mtima, aiwale zakale, athokoze kuti ali moyo. Ankayankha kuti "takhuta", kumene ndi kuthokoza m'Chisena, n'kumapita, ine n'kulemba m'kope kuti ndathandiza munthu. Sindinkazindikira kuti munthu wa kwathu amathokoza ngakhale sanathandizike, chifukwa cha ulemu basi.

Ntchito ya pamsasa itatha ndinakhazikika ku Bangula kwa azakhali, ndikuchita geni ya nsomba zouma, ndipo chaka cha njala cha 2016 chinadutsa ndikugwira maganyu a kalembera m'mabungwe. M'chaka cha 2017 ndinaona chikalata chomatidwa pamtengo pamalo okwerera minibasi, cholengeza maphunziro a uphungu a miyezi itatu ku Blantyre, ochitika Loweruka lokha, osafunsa kuti munthu anakhoza bwanji Fomu 4. Mfundo yomalizayi ndi imene inandikoka, popeza satifiketi yanga ya MSCE inali yofooka, ngakhale kuti ndi imene inayenera kundichenjeza. Fizi inali K120,000. Ndinagulitsa mbuzi 4 zimene ndinagula ndi ndalama za alawansi, ndipo ndalama zoyendera, kukwera zitunda za Chikwawa m'bandakucha ndi kutsika usiku sabata iliyonse, zinatsala pang'ono kufanana ndi fiziyo. Tinkaphunzirira m'chipinda cha pamwamba pa sitolo, anthu 40, mphunzitsi mmodzi akuwerenga manotsi ife n'kumakopera. Sitinakhalepo n'kamodzi komwe ndi munthu wofuna thandizo pamaso pa mphunzitsi, ndipo palibe amene anandimvapo ndikucheza ndi munthu kuti andiuze pamene ndikulakwitsa.

Satifiketi yake inali yokongola, yokhala ndi chidindo chofiira. Ndinafunsira nayo ntchito malo 11. Malo amodzi okha anandiitana, ndipo mayi wina amene anali pagulu la ofunsa mafunso ananditsatira panja n'kundiuza mwachifundo kuti pepala langalo silidziwika kulikonse. Ndinalira m'minibasi kuchokera ku Blantyre mpaka pa Dyeratu. Chimene ndikanakonda kudziwa ndisanapereke ngakhale tambala n'chakuti bungwe la National Council for Higher Education limatulutsa mndandanda wa makoleji ndi maphunziro amene lavomereza, ndipo munthu ayenera kuona zinthu ziwiri, dzina la koleji ndi dzina la maphunziro enieniwo, chifukwa koleji itha kukhala yovomerezeka pamene maphunziro ena a pakolejipo sanavomerezedwe. Ndi bwinonso kufunsa ngati omaliza maphunzirowo amatha kulembetsa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, kufunsa kuti ndi maola angati amene wophunzira amakhala ndi anthu enieni moyang'aniridwa, komanso kumene akugwira ntchito amene anamaliza chaka chatha. Akalephera kukuonetsani ngakhale mmodzi, musapereke ndalama zanu.

Kutaya ndalama kunandipweteka, koma chimene chinasintha moyo wanga chinachitika m'chaka cha 2018. Ngakhale ndinalibe ntchito, anthu ankabwerabe kwa ine chifukwa mbiri inali itamveka kuti ndinaphunzira za uphungu. Mayi wina wa kumpingo kwathu anabwera ndi amuna awo, mlimi wa thonje wa zaka za m'ma 40, amene anatenga katapila kuti agule mankhwala opopera ndi kulipira aganyu, thonje n'kukanika. Eni ndalama ankafika pakhomo m'mawa uliwonse. Bambowo anali atasiya kudya bwino, sankagona, ndipo anali atasiya kupita kubawo ndi kutchalitchi. Tinakumana katatu pansi pa mtengo wa nimu kwa azakhali. Tsiku loyamba anayankhula mawu ochepa, akulembalemba pansi ndi kamtengo, ndipo ine ndinadzaza nthawi yonseyo ndi mawu anga: kuti mwamuna ndiye mzati wa nyumba, kuti ngongole siipha munthu, kuti chaka chamawa adzakolola. Tsiku lachiwiri anati, "Achemwali, ine ndatopa. Anawa muziwaona inu a mpingo." Ndinawayankha kuti asamayankhule choncho, n'kupemphera nawo. Tsiku lachitatu anabwera atameta, atavala malaya ochapa, nkhope ili phee, n'kundiuza kuti njinga yawo aipereka kwa mng'ono wawo ndipo nkhawa zatha. Ndinalowa m'nyumba ndikusangalala kuti ndawachiritsa.

Patapita masiku 4 bambowo anayesa kudzipha. Mwana wawo ndi amene anawapeza, ndipo anthu anawanyamula pangolo kupita kuchipatala chaching'ono, kumene ambulansi inawatenga kupita kuchipatala chachikulu cha boma. Anapulumuka. Abale anachedwa kunena zoona chifukwa panthawiyo lamulo linkaona kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo ankaopa apolisi. Ndinapita kukawazonda ndili njenjenje, ndipo kumeneko ndinakumana ndi namwino wa matenda a maganizo, mayi wachikulire wodekha, amene atamva kuti ine ndi amene ndinkacheza nawo anandiitanira m'kachipinda kake. Sanandikalipire. Anandifunsa funso limodzi: "Mwana wanga, pamene ananena kuti atopa, unawafunsa ngati akuganiza zodzipha?" Ndinayankha kuti ndinkaopa kuwaika maganizo amenewo m'mutu.

Anapukusa mutu pang'onopang'ono n'kundifotokozera zinthu zimene maphunziro anga a K120,000 sanazitchule. Kumufunsa munthu mwachindunji sikumubzala maganizo odzipha; kawirikawiri kumamupeputsa, chifukwa amaona kuti wapeza wina amene saopa kumva chimene chili mumtima mwake. Munthu amene wakhala akuvutika kwa nthawi yaitali akadekha mwadzidzidzi, n'kuyamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mwa njira zobisika, si kuti wachira, mwina watsimikiza mtima. Munthu wotere sayenera kusiyidwa yekha, zinthu zoopsa ziyenera kuchotsedwa pakhomo, ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zonsezo zinadutsa pamaso panga pansi pa mtengo uja, ndipo ndinazitenga ngati umboni wakuti ndachita bwino. Kwa miyezi ingapo ndinkachita manyazi kudutsa pafupi ndi nyumba yawo, ndipo ndinasiyiratu kulandira anthu. Ndikukhulupirira kuti kusiyako kunali koyenera, chifukwa mtima wofuna kuthandiza wopanda luso utha kumuphetsa munthu.

Namwino yemweyo ndi amene anandiunikira njira, ndipo ndikubwereza zimene anandiuza chifukwa achinyamata ambiri amasakaniza ntchito zimenezi. Dokotala wa matenda a maganizo amayamba waphunzira udokotala wonse, monga ku College of Medicine imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, kenako n'kuwonjezera zaka zina. Palinso ma clinical officer ndi anamwino amene amawonjezera maphunziro a matenda a maganizo, ndipo amenewa ndi amene amasenza ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma. Iwo ndi madokotala ndi amene amaona za mankhwala. Wophunzira psychology, monga ku University of Malawi ku Zomba, amaphunzira za kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, koma digiri yoyamba payokha siimupanga kukhala wochiritsa. Ogwira ntchito zosamalira anthu, monga amene amaphunzira ku Magomero, amaona za ana, mabanja ndi nkhanza. Phungu wa maganizo sapereka mankhwala. Chida chake ndi kucheza kolongosoka, kokhala ndi cholinga ndi malire. Anandiuzanso za St John of God ku Mzuzu, kumene kuli chipatala cha matenda a maganizo komanso koleji yophunzitsa uphungu, ndi za Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma chimene odwala kwambiri amatumizidwako. Atamaliza anandifunsa za satifiketi yanga ya Fomu 4, ndipo atamva anandiuza mosapita m'mbali kuti ndiyambire pamenepo.

Kubwerera kusukulu ndili ndi zaka 27 kunali kowawa. Pa MSCE giredi 3 mpaka 6 ndiye kirediti, pamene 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo ine ndinali ndi ma 7 ndi ma 8 m'maphunziro ofunika, kuphatikizapo Chingerezi ndi Biology. Ndinasamukira ku Nchalo kwa msuweni wanga amene amuna ake ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe, n'kulembetsa sukulu ya masana imene imayamba ana ena akaweruka. M'mawa ndinkagulitsa mandasi pamsewu, masana ndinkakhala m'kalasi yotentha ngati uvuni ndi ana amene ena anali ochepera msinkhu wa mlongo wanga akanakhala moyo. M'mwezi wa Malichi 2019 madzi obwera ndi namondwe wa Idai anasefukiranso, amayi anathawanso ku Makhanga, ndipo ndinajomba masabata atatu. Ndinalembabe mayeso chaka chomwecho ndipo ndinapeza makirediti 6. Ndikanabwereza mayeso amenewa m'chaka cha 2015 kapena 2016, m'malo mothamangira njira yachidule, ndikanapulumutsa zaka zitatu.

Nditalandira kalata yonditenga ku koleji yovomerezeka, imene inali ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kwathu, banja linakhala pansi. Amalume anatsutsa. Anati, "Mphwanga, uphunzitsi ndi unamwino tikuudziwa, boma limalemba ntchito. Nanga zocheza ndi anthu zimenezi adzakulipira ndani?" Panthawiyo ndinakwiya, koma funso lawo linali lanzeru ndipo aliyense wofuna ntchito imeneyi ayenera kuliyankha moona mtima asanagulitse chuma cha makolo ake. Pomaliza anavomera kugulitsa ng'ombe imodzi pamsika wa ku Ngabu. Kenako matenda a Covid-19 anatseketsa sukulu zonse m'mwezi wa Malichi 2020, ndipo ndinayamba maphunziro m'chaka cha 2021, gawo lina la ndalama za ng'ombe ija litapita kale ku chakudya ndi mankhwala a amayi. Powerengera ndinaiwala lendi, chakudya, mapepala, intaneti ya pafoni ndi ulendo wobwerera kunyumba patchuthi, ndipo zimenezi pamodzi zinkaposa fizi.

Chaka choyamba chinagwetsa zonse zimene ndinkadzitama nazo. Tinkayeseza awiriawiri, wina kukhala phungu wina wofuna thandizo, mphunzitsi akujambula mawu. Tsiku lina anatimvetsera tonse zimene ndinachita, atagwira wotchi, ndipo zinapezeka kuti pa mphindi 20 ine ndinayankhula mphindi 14. Anandifunsa kuti mwa awirife wovutika anali ndani. Anandipatsa ntchito yoti kwa sabata yathunthu munthu akamaliza kuyankhula ndiziwerenga chamumtima mpaka 10 ndisanatsegule pakamwa. Poyamba chetechete ameneyo ankandiwotcha, koma ndinaona kuti mawu enieni a munthu amatuluka pambuyo pa kukhala chete, pamene iye waona kuti simukuthamangira kumutseka pakamwa ndi chitonthozo. Tinaphunzira kufunsa mafunso osayankhidwa ndi eya kapena ayi, kubwereza zimene munthu wanena kuti adzimve yekha, kumuthandiza kugawa vuto lalikulu m'zidutswa n'kusankha yekha poyambira. Tinaphunziranso za pulogalamu ya Friendship Bench ya ku Zimbabwe, imene Dixon Chibanda anaiyambitsa pophunzitsa agogo aakazi kucheza ndi anthu pabenchi pachipatala, ndipo chinandikhudza n'chakuti agogowo ankaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, sankangodalira ukalamba wawo.

Nkhani ya chinsinsi ndi imene ndinaiona kuti ndi yovuta kwambiri kwa ife ogwira ntchito kwathu komwe. M'tauni phungu ndi wothandizidwa amasiyana pakhomo osadzaonananso, koma kuno munthu amene wakuuza zakukhosi Lachiwiri ukumana naye pamjigo Lachitatu, apongozi ake n'kukufunsa kumaliro kuti anakuuza zotani. Ndinaphunzira kunena kumayambiriro kwenikweni kuti zokambirana zathu sizituluka, kupatula ngati moyo wake kapena wa wina uli pachiopsezo, kapena ngati mwana akuchitidwa nkhanza. Ndinaphunziranso kukana kuthandiza abale anga ndi anzanga apamtima, n'kuwatumiza kwa wina, ngakhale kuti ena anaziona ngati kunyada.

M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, anadula msewu waukulu m'boma la Chikwawa, n'kukokolola mapira ndi chimanga zimene banja linkadalira kuti lindilipirire. M'mwezi wa Meyi ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mitengo ya zonse inakwera. Apa ndinalakwitsanso ndekha. Chifukwa cha manyazi sindinauze aliyense kukoleji kuti ndalama zandithera. Ndinangojomba, n'kumazimitsa foni, mpaka nthawi ya mayeso inadutsa. Nditalimba mtima n'kupita kukafotokoza, anandiuza kuti ndikanalemba kalata msanga akanandisungira malo mwadongosolo ndipo sindikanataya teremu imene ndinali nditalipira kale theka. Wophunzira aliyense amene waona kuti zinthu zikuthina apite kwa oyang'anira ophunzira mwezi womwewo, alembe kalata, asunge kope lake. Ndinakhala pakhomo chaka chathunthu, ndikugulitsanso nsomba ndi kusunga ndalama kubanki m'khonde.

Namondwe wa Freddy anandipeza ku Bangula m'mwezi wa Malichi 2023. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo misasa inadzazanso. Popeza tsopano ndinali ndi maphunziro, ndinadzipereka msanga. Tsiku lachitatu mayi wina anandifotokozera za mwana wake wamwamuna amene anabwerera kukatenga nkhuku. Ali mkati moyankhula manja anga anayamba kunjenjemera, makutu anatseka, ndipo ndinadzuka n'kutuluka m'tenti osatsanzika. Usiku umenewo ndi mausiku ambiri otsatira sindinagone. Mvula ikangoyamba kugunda pamalata ndinkadzuka n'kuyamba kulongedza zovala m'thumba. Zaka 8 ndinali ndikuuza anthu za mabala a mumtima, langa ndisanalitsegulepo.

Nditabwerera kukoleji pakati pa chaka chimenecho ndinauza mphunzitsi wondiyang'anira, ndipo anandiimitsa kaye kuona anthu oferedwa n'kunditumiza kwa phungu wina. Ndinakumana naye maulendo 8. Pa ulendo wachinayi m'pamene ndinanena mokweza kwa nthawi yoyamba kuti ine ndi amene ndinamukumbutsa mlongo wanga za mbuzi usiku uja. Mawu amenewo ndinali ndisanawauze ngakhale amayi. Phunguyo sanandiuze kuti ndilimbe mtima kapena kuti ndiiwale. Anakhala nane chete, kenako anandifunsa kuti ndinkadziwa chiyani panthawi imeneyo, mumdima, madzi asanafike m'mawondo. Patchuthi ndinawauza amayi, tinalira limodzi, ndipo banja linaitana abusa ndi abale n'kuchita mwambo wa mapemphero umene tinalephera kuchita m'chaka cha 2015. Ndikunena izi chifukwa ambiri mwa ife timakopeka ndi ntchito imeneyi chifukwa cha zimene tinadutsamo, ndipo si cholakwika, koma amene sanakhalepo pampando wa wothandizidwa amakatula katundu wake pa anthu amene abwera kudzatula wawo.

Nthawi ya atachimenti ndinapempha kuti ndidzaichitire kuno kwathu, ndipo ndi pamene ndinaona kusiyana kwa mabuku ndi mudzi. Mabuku ali m'Chingerezi, koma palibe amene amabwera n'kunena dzina la matenda. Amanena kuti mtima ukuthamanga, mutu ukulemera, thupi lonse likuphwanya, akuganiza kwambiri, kapena m'Chisena amangoti ali pa nyatwa, kutanthauza pa mavuto. Ndinayamba kusunga kope la mawu amene anthu amagwiritsa ntchito, ndipo limandithandiza mpaka lero kuposa mabuku ena. Wodziwa Chisena ndi Chimang'anja asachione chopepuka, chifukwa munthu safotokoza chisoni chake bwino kudzera mwa womasulira. Ndinaphunziranso malire anga. Mnyamata wina abale ake anabwera naye akuyankhula zosamveka, iwo akuti ndi chamba, koma thupi linali lotentha, ndipo atamuyeza anapezeka ndi malungo aakulu. Munthu wosokonezeka mwadzidzidzi, wakhunyu, womva mawu amene ena sakuwamva, kapena mayi amene wasintha khalidwe atangobereka, ayenera kuonedwa ndi achipatala msanga, ndipo ntchito ya phungu pamenepo ndi kumuperekeza, osati kumuchedwetsa ndi macheza. Pa nkhani za nkhanza ndinadziwana ndi a ofesi yosamalira anthu, apolisi a Victim Support Unit ndi nambala yaulere ya ana ya 116. Asing'anga ndi abusa sindilimbana nawo, chifukwa anthu amayambira kwa iwo. Ndinapeza kuti ndi bwino kuwayendera mwaulemu n'kugwirizana kuti mapemphero apitirire koma wodwala asasiyitsidwe mankhwala kapena kumangidwa.

Ndinamaliza dipuloma kumapeto kwa 2024, kwacha itatsikanso ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023 ndipo ng'ombe yachiwiri ya amalume itapita. Ntchito sinabwere msanga. Ndinadikira miyezi 9, ndikuthandiza mongodzipereka pachipatala china masiku awiri pa sabata kuti luso lisazilale komanso kuti ndikhale ndi wondichitira umboni. Ntchito zambiri za uphungu zimene ndaziona zili m'mabungwe, m'mapulojekiti a HIV, a nkhanza za m'banja, a achinyamata ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo zimakhala za kontirakiti ya miyezi 6 kapena chaka, zotha pamene ndalama za opereka thandizo zatha. Yanga ndi yotero. Malipiro amakwanira lendi, chakudya ndi kuthandiza amayi, koma ng'ombe za amalume ndikubwezabe pang'onopang'ono. Chinandithandiza pofunsidwa mafunso si satifiketi yokha ayi, koma kope limene ndinkalembamo maola onse amene ndinakhala ndi anthu, losainidwa ndi wondiyang'anira, komanso mapepala olembetsera amene ndinawakonza ndisanayambe kufunsira ntchito. Mpaka pano kamodzi pa mwezi ndimakambirana ntchito yanga ndi phungu wamkulu, nthawi zina pafoni, osatchula mayina a anthu, ndipo sindingavomere ntchito imene ilibe dongosolo limeneli.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wa ana atatu amene amuna ake anapita ku Johannesburg n'kusiya kutumiza ndalama ndi mauthenga. Kunja kunkatentha kwambiri moti tinakhala pakhonde la kuseri kwa chipatala, iye atakhala pabenchi mwana ali kumsana. Anafotokoza za ngongole ya kubanki m'khonde ndi za apongozi ake, kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti watopa ndipo anawo angakule bwino kwa agogo awo. Mtima wanga unagunda monga unagundira m'kachipinda ka namwino uja. Ndinadikira, kenako ndinati, "Mayi, anthu ena akatopa chonchi amaganiza zodzipha. Kodi inunso maganizo amenewo akumakubwererani?" Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita phazi la mwana, ndipo pomaliza anagwedeza mutu kuvomera. Ndinamufunsa ngati anakonza kale njira ndi tsiku, ndiponso kuti ndani amene amamukhulupirira pakhomo. Anatchula mkulu wake wa ku Ngabu. Tinamuimbira foni tili pomwepo, ndipo pamene tinkadikira kuti afike pa kabaza ndinamunyamulira thumba lake n'kupita naye kuchipinda cha namwino wa matenda a maganizo. Lachinayi lotsatira anabweranso pa nthawi imene tinapangana, mkulu wakeyo atamuperekeza mpaka pakhomo.